Zala zouma m'mawa, mawondo owawa madzulo: nyamakazi yanu si ya amayi anu

Funso: A dokotala, ndine mayi wa zaka 39, ndimakhala ku Area 36 kuno ku Lilongwe ndipo ndimasoka zovala pakhonde la golosale. Kuyambira mwezi wa Meyi zala za manja onse awiri zimatupa ndi kuwawa, komanso pamene dzanja lalumikizana ndi mkono. Tsopano yakwana miyezi 5. M'mawa ndimadzuka zitauma moti kumanga mabatani a yunifolomu ya mwana ndimalephera, zimayamba kumasuka cha m'ma 10 koloko. Amayi anga a zaka 68 kumudzi kwa Kabudula ali ndi nyamakazi ya m'mawondo, ndiye abale akuti n'zakumtundu, ndingopirira. Kukiliniki ina anandiyeza magazi a rheumatoid factor n'kundiuza kuti sanapeze kanthu. Panopa ndikumwa Indocid ndi prednisolone zogula ndekha. Ndikamwa ndimapezako bwino, ndikasiya zimabwerera. Kodi matenda anga ndi a amayi ndi amodzi? Nanga ndilowere kuti?

Yankho: Mayi, pepani ndi ululuwo. Munthu wodyera m'manja ngati inu akayamba kulephera kugwira sizasi, nkhawa yake imafika mpaka pa lendi ndi pa fizi ya ana. Ndiyankhe mosazungulira. Malinga ndi zimene mwalemba, matenda anu ndi a amayi anu si amodzi, ndipo magazi anakuyezani aja sanatseke nkhani. Dzina lenileni la matendawa adzalitsimikiza ndi dokotala amene adzagwire manja anuwo, koma zala zotupa mbali zonse ziwiri, zouma mpaka 10 koloko, kwa miyezi 5, mwa mayi wa msinkhu wanu, ine ndimazitenga ngati rheumatoid arthritis kufikira wina ataonetsa kuti si iyo. Nyamakazi imeneyi kupirira sikuithandiza, kumangoipatsa mpata woononga.

Tiyambe ndi ya amayi anu, poti ndi imene ambirife tinaizolowera. Kumapeto kwa fupa, pamene likukumana ndi linzake, pali chicherewecherewe, kaja koyera koterera kamene ana amakonda kukukuta pa fupa la nkhuku. Ntchito yake ndi yoti mafupa azitsetsereka osakhulana. Pa bondo limene lasenza katundu zaka zambiri, linavulalapo kale, kapena likunyamula thupi lolemera, chicherewecherewecho chimayamba kutha, fupa la pansi pake limalimba n'kumera timinyanga m'mphepete. Imeneyi kuchipatala timaitcha osteoarthritis. Si ukalamba wokha umene umaibweretsa, chifukwa alipo agogo a zaka 80 amene mawondo awo ali bwinobwino, koma imakonda kuyamba munthu akapitirira zaka 45. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu 528 miliyoni padziko lonse anali nayo, ndipo bondo ndi limene limagwidwa kwambiri. Odwala rheumatoid arthritis chaka chomwecho anali 18 miliyoni. N'chifukwa chake munthu akangotchula kuwawa kwa mafupa, maganizo a aliyense, ngakhale ena a ife a kuchipatala, amathamangira kwa yofalayo.

Ululu wa osteoarthritis umatsata ntchito. Mukadzapita kwa Kabudula mudzawafunse amayi anu. Ndikhulupirira adzakuuzani kuti m'mawa bondo limauma pang'ono, koma akasesa pabwalo lamasuka kale, mphindi 30 zisanakwane. Vuto limabwera akachoka kudimba kapena kumjigo, potsika malo otsetsereka, podzuka pamphasa, ndi ponyonyomala kuchimbudzi. Akakhala pansi n'kupuma, ululu umaleza. Bondo limamveka kulira akamalipinda, nthawi zina limodzi limaposa linzake, ndipo pakapita zaka miyendo imapindika, mawondo n'kumatalikirana. Koma m'thupi monse amakhala bwino. Amadya, saonda, satentha thupi. Munthu wa zaka zoposa 45 wofotokoza chonchi, dokotala wodziwa ntchito yake atha kuizindikira popanda kuyeza magazi kapena kujambula.

Thandizo la amayi anu lalikulu silili m'mapiritsi. Nyama ya kutsogolo kwa ntchafu ikalimba imalandira katundu amene akanagwera pa bondo, ndiye azikhala pampando, kuwongola mwendo, kuugwira m'mwamba powerenga mpaka 10, n'kuutsitsa pang'onopang'ono, maulendo angapo m'mawa ndi madzulo. Asasiye kuyenda. Ngati ndi onenepa, kilogalamu imodzi iliyonse yochoka m'thupi imachotsa pafupifupi makilogalamu 4 pa kulemera kumene bondo limamva pa sitepe iliyonse. Ndodo azigwira ndi dzanja la mbali imene sikuwawa. Adzukulu awakonzere pokhalira pokwera ndi mtengo wogwirira kuchimbudzi, ndipo mtsuko wa madzi ausiyire ena. Mankhwala opaka a diclofenac ndi abwino kwa munthu wa zaka 68 kusiyana ndi omwa, chifukwa savutitsa m'mimba ndi impso ngati omwawo. Bondo likafika powalepheretsa kugona kapena kufika kutchalitchi, apemphe kalata yokaonana ndi a mafupa ku LION, chipatala cha mafupa chimene chili pa Kamuzu Central, komanso a mafizo. Mabotolo odula a glucosamine amene amagulitsidwa m'tauni muno ine sindiwalimbikitsa, umboni woti amathandiza ndi wofooka. Za amayi ndilekere pomwepa.

Matenda amene ndikuwakayikira mwa inu amayambira kwina. Mfundo iliyonse, kutanthauza polumikizira mafupa, ili ndi kansalu kopyapyala mkati kamene kamatulutsa timadzi toterera. Pa rheumatoid arthritis asilikali a m'thupi, amene ntchito yawo ndi kulimbana ndi tizilombo, amasokonezeka n'kuyamba kumenya kansaluko. Kamatupa, kamakhuthala, mfundo imadzaza madzi, ndipo pakapita nthawi kansalu kotupako kamayamba kudya chicherewecherewe, fupa ndi mitsempha yomanga mfundoyo. Apa ntchito ilibe mlandu. Si makina osokera amene akupwetekani, si kuchapa m'madzi ozizira, ndipo sizopatsirana. Mwa anthu 10 odwala matendawa, 7 amakhala akazi, ndipo ambiri amayamba ali pakati pa zaka 30 ndi 60, nthawi imene banja likuwadalira kwambiri.

Chizindikiro chimene ndimachikhulupirira koposa ndi chija mwatchula cha 10 koloko. Usiku mfundo yotupa ikakhala osagwedezeka, madzi amaunjikana mkati, ndiye munthu amadzuka manja atauma gwa. Kumasuka kwake kumatenga ola limodzi, awiri, ena mpaka masana. Ndiye onani kusiyana kwake: amayi anu ntchito imawaonjezera ululu, kupuma kumawathandiza, pamene inu kupuma ndi kumene kumakuumitsani, kugwiragwira ntchito kumakumasulani. Ndikamacheza ndi wodwala sindingofunsa kuti "kodi mumauma m'mawa", poti aliyense amavomera. Ndimafunsa kuti ndi nthawi yanji imene amatha kufinya thaulo kapena kugwira mthiko n'kuvundula nsima. Yankho la funso limeneli limandiuza zambiri kuposa pepala la ku labu.

Tambasulani dzanja lanu pa tebulo muliyang'ane. Chala chilichonse, kupatula chachikulu, chili ndi mfundo zitatu: ya kufupi ndi chikhadabo, ya pakati, ndi ya patsinde, ija imatukuka mukakunga chibakera. Osteoarthritis ikagwira manja imakonda mfundo za kufupi ndi zikhadabo ndi patsinde pa chala chachikulu, ndipo imasiya timabampu tolimba, mukatigwira mumamva kuti ndi fupa. Rheumatoid imakonda mfundo za patsinde, za pakati, ndi polumikizira dzanja ndi mkono, koma za kufupi ndi zikhadabo nthawi zambiri imazisiya. Kutupa kwake ndi kofewa, mukadina pamabonyoka pang'ono, pamatentha, ndipo mukakunga chibakera timaenje ta pakati pa mfundo za patsinde sitionekanso, tadzaza. Mphete imene inkalowa bwino imayamba kukana. Ndipo zimene zili kumanja zimakhalanso kumanzere, ngakhale mbali imodzi ikhoza kuposa inzake.

Pali kuyesa kwina kumene mungachite lero lomwe. Wina agwire dzanja lanu mopingasa pa mfundo zinayi za patsinde paja, afinye pang'ono monga popatsana moni wamphamvu. Dzanja labwino silimva kanthu. La rheumatoid mwini wake amalichotsa msanga. Achitenso chimodzimodzi kuphazi, patsinde pa zala. Mapazi anthu amawaiwala, chonsecho matendawa kawirikawiri amayambira kumeneko. Ngati mukatsika pabedi m'mawa kuponda pansi kumawawa kutsogolo kwa phazi, kanenani zimenezo, ndipo vulani nsapato kuti akuoneni ngakhale asanakuuzeni.

Simunalembe za m'thupi monse, koma ndikufuna mudzifunse. Kodi mumatopa ngakhale mwagona mokwanira? Masiketi ayamba kukhwepa? Thupi limatentha pang'ono madzulo? Maso ndi m'kamwa mumauma? Rheumatoid ndi matenda a thupi lonse. Amachepetsa magazi, amatha kugwira maso ndi mapapo, ndipo akakhala zaka osalandira mankhwala amaonjezera chiopsezo cha matenda a mtima. Osteoarthritis sichita zimenezi.

Abale anu akunena zoona pang'ono pokha. Matenda onse awiri amayendako m'magazi a banja, koma lililonse m'njira yake. Mawondo a amayi anu sangakupatseni inu rheumatoid. Za kuzizira nazonso, anthu ambiri amati mafupa amawawa kwambiri mu Juni ndi Julaye, ndipo sindikutsutsa, koma chisanu sichitupitsa mfundo. Inu zinayamba mu Meyi, pano dzuwa la Okutobala laswa mtengo, kutupa kukadalipo. Chimene tikudziwa bwino kuti chimaitana matendawa ndi kuwakulitsa ndi kusuta fodya. Ngati mumasuta, kusiya ndi mbali ya mankhwala.

Tsopano magazi aja, chifukwa ndi amene akukusocheretsani. Rheumatoid factor ndi kanthu kena kamene asilikali a m'thupi amapanga, ndipo kamapezeka mwa anthu pafupifupi 7 mwa 10 odwala rheumatoid. Otsalawo matenda ali nawo ndithu, zala zikupindika ndithu, koma magazi amatuluka opanda kanthu. M'miyezi yoyambirira osapezeka nako amachuluka kuposa pamenepo, ena kamadzaoneka patsogolo. Ndiye mawu oti "sitinapeze kanthu" tanthauzo lake loona ndi loti kanthu kameneko sikanapezeke tsiku limenelo, basi. Mbali inayo ndi yovutanso. Rheumatoid factor imatha kukwera mwa munthu amene alibe nyamakazi ina iliyonse, monga okalamba, odwala TB, odwala chiwindi cha hepatitis B kapena C, ndi ena amene thupi lawo lalimbana ndi matenda nthawi yaitali. Kuno kwathu anthu otere alipo ambiri. Ndimadandaula ndikaona agogo a mawondo otha atapatsidwa dzina la rheumatoid chifukwa cha pepala lokha, pamene mayi wa zala zotupa wabwezedwa kunyumba chifukwa cha pepala lomwelo. Onse awiri alakwiridwa, ndipo chimene chinasowa ndi munthu wogwira manja awo.

Kuyeza kwina kumatchedwa anti-CCP. Kumeneku kukasonyeza kuti kanthu kalipo, kawirikawiri sikunama, ndipo kumachenjezanso kuti matendawo akhoza kukhala aukali. Sikupezeka paliponse, nthawi zambiri ndi m'malabu olipira. Mukakwanitsa yezetsani, koma musagulitse makina osokera chifukwa cha iko, ndipo musachedwetse mankhwala podikira ndalama yake. Palinso ESR ndi CRP, zoyeza kuchuluka kwa kutupa m'thupi. Zimathandiza potsatira ngati mankhwala akugwira ntchito, koma sizitchula dzina la matenda. ESR imakwera ndi TB, HIV, kuchepa kwa magazi, ngakhalenso mayi akakhala ndi pakati.

Kuti muone kuti manja ndi amene amalemera kuposa magazi, mu 2010 mabungwe a akatswiri a nyamakazi a ku America ndi ku Ulaya, ACR ndi EULAR, anagwirizana njira yowerengera mapointi pa munthu amene ali ndi mfundo yotupa popanda chifukwa china chodziwika. Mapointi onse ndi 10, ndipo 6 ndi okwanira. Mfundo zogwidwa zikaposa 10, zina mwa izo zili zazing'ono ngati za zala, zimapereka 5. Matenda akapitirira masabata 6 amapereka 1. Munthu wafika kale pa 6 magazi asanatengedwe n'komwe. Rheumatoid factor ndi anti-CCP pamodzi sizipereka oposa 3.

Kujambula nako kuli ndi malire ake. Pa osteoarthritis chithunzi chimaonetsa mpata wa pakati pa mafupa utachepa ndi timinyanga tija, koma pafupifupi wokalamba aliyense mukamujambula mupezako zotere, ngakhale amene sakumva ululu. Pa rheumatoid yongoyamba kumene chithunzi chimatuluka chabwinobwino, chifukwa kansalu kotupa sikaoneka pa X-ray. Chikadzayamba kuonetsa mafupa odyeka m'mphepete ndiye kuti tachedwa kale. Komabe jambulitsani manja ndi mapazi panopa, chidzathandiza kufananiza ndi cha chaka chamawa.

Dokotala wosamala asanakhazikike pa rheumatoid amayamba wachotsa matenda ena ofanana nayo, ndipo kuno kwathu mndandanda wake ndi wosiyana ndi wa m'mabuku a kunja. Akakupemphani kuyeza HIV musakhumudwe ngati akukuganizirani zoipa. Kachilomboka kamabweretsa nyamakazi yakeyake, ndipo mankhwala amene mungafunike amadalira zotsatira zake. Hepatitis B chimodzimodzi. Lupus imakonda akazi a msinkhu wobereka, imatupitsa zala ngati rheumatoid, koma imabwera ndi zidzolo kumaso zokula ndi dzuwa, kuthothoka tsitsi, zilonda m'kamwa, ndipo imaononga impso mwakachetechete, n'chifukwa chake mkodzo uyenera kuyezedwa. TB ikalowa m'mafupa imakonda mfundo imodzi yaikulu, chiuno, bondo kapena msana, pang'onopang'ono, munthu akuonda. Gout imakonda abambo, imayamba mwadzidzidzi usiku, kawirikawiri chala chachikulu cha kuphazi, moti ngakhale bulangete kukhudza zimawawa. Mowa, nyama yambiri, mapiritsi a BP okodzetsa a hydrochlorothiazide ndi mankhwala a TB a pyrazinamide zimaiputa.

Chimodzi chokha ndichinene mwamphamvu, kwa inu ndi kwa aliyense wowerenga. Mfundo imodzi ikatupa mwadzidzidzi, yotentha, yokana kugwedezeka, thupi likutentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale ndi usiku. Mukhoza kukhala mafinya mkati, ndipo mafinya amaononga mfundo m'masiku ochepa. Amayenera kukoka madziwo ndi jakisoni n'kukawayeza. Munthu amene akumwa prednisolone ndi amene zimenezi zimamugwera msanga. Pa chifukwa chomwechi ndikupemphani kuti musatemetse mphini pa mfundo zotupazo. Ndikudziwa kuti okulangizani amachita mwachikondi, koma lezala limatsegulira tizilombo khomo pamalo amene ali ofooka kale.

Mankhwala mukumwawa ndi amene akundidetsa nkhawa koposa. Prednisolone amazimitsa kutupa msanga, ndipo mfundo yoti mumapeza bwino mukamwa ikugwirizana ndi kukayikira kwanga. Ifenso timamugwiritsa ntchito, koma pa mlingo wochepa, kwa masabata owerengeka, podikira kuti mankhwala enieni agwire. Kumudalira yekha miyezi ndi miyezi kuli ngati kupaka laimu khoma la nyumba pamene chiswe chikudya mitengo ya denga. Pakapita nthawi amabweretsa shuga, BP, nkhope yotupa, mafupa osachedwa kuthyoka, ng'ala m'maso, ndipo amadzutsa TB imene inagona m'thupi. Komabe musamusiye lero mwadzidzidzi. Mukamumwa kupitirira masabata 3, tiziwalo ta pamwamba pa impso timene timapanga mankhwala ofanana naye mwachilengedwe timayamba ulesi, ndipo kusiya kamodzin'kamodzi kungakugwetseni, BP n'kutsika moopsa. Amachepetsedwa pang'onopang'ono motsogozedwa ndi dokotala. Indocid, Brufen ndi diclofenac amapha ululu koma saletsa kuonongeka kwa mfundo. Kuwaphatikiza ndi prednisolone ndi njira yachidule yopezera zilonda za m'mimba. Musamwe awiri a gulu limeneli nthawi imodzi, musamwe ndi njala, ndipo mukaona chimbudzi chakuda bii kapena mukasanza magazi, thamangirani kuchipatala.

Ndiye mulowere kuti? Yambirani pachipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwanu kapena ku Bwaila, sabata ino. Kafotokozeni ndipo pemphani kalata yopita ku Kamuzu Central, kwa madokotala a matenda a m'thupi a akuluakulu. Ambiri amaganiza kuti kuwawa kwa mfundo ndi kwa a mafupa, koma a mafupa ntchito yawo yaikulu ndi zothyoka ndi maopaleshoni. Yanuyi ndi ya mankhwala. Madokotala ophunzira za nyamakazi zokhazokha ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, koma dokotala wa matenda a m'thupi amatha kuizindikira rheumatoid ndi kuyambitsa chithandizo chake.

Pamzere wa kuchipatala anthu amakhala ambiri ndipo nthawi yanu ndi wokuonaniyo ikhoza kukhala yochepa, ndiye konzekerani. Mukangoti "m'thupi mukuphwanya" akuyezani malungo, akupatsani Panado, mwabwerera. Nenani chonchi: "Zala za manja onse zakhala zikutupa miyezi 5, m'mawa zimauma maola atatu, ndikupempha mundigwire manja muone." Ikani manjawo patebulo. Pitani m'mawa zisanamasuke. Popeza prednisolone amabisa kutupa, jambulani manja anu pafoni tsiku limene atupa kwambiri, mukaonetse. Tengani kabuku ka kuchipatala, pepala la magazi aja, ndi mapaketi onse a mankhwala amene mwamwa, azitsamba omwe, osachita manyazi kuti munagula nokha. Nenani mapiritsi angati patsiku, kuyambira liti. Ngati wokuonaniyo sanakhudze manja anu n'komwe, muli ndi ufulu wopempha mwaulemu kuti muonedwe ndi wina.

Ndikukufulumizitsani chifukwa cha nthawi. Kudyeka kwa mafupa pa rheumatoid kumayamba msanga, kwambiri m'zaka ziwiri zoyambirira, ndipo fupa lodyeka silimeranso. Mankhwala oletsa matendawa amagwira bwino koposa akayambidwa m'miyezi 3 mpaka 6 chiyambireni zizindikiro. Inu muli pa mwezi wachisanu. Manja aja mumawaona mwa amayi ena kumsika, zala zitapendekera mbali ya kachala kakang'ono, osatha kufumbata ndalama ya chenji, ndi a anthu amene zaka zimenezi zinawadutsa akumwa zopha ululu zokha. Masiku ano wodwala wopezeka msanga sayenera kufika pamenepo.

Akatsimikiza kuti ndi rheumatoid, mankhwala oyamba nthawi zambiri ndi methotrexate. Ndi akale, odziwika bwino, ndipo padziko lonse ndi amene chithandizo cha matendawa chimatsamira. Koma ali ndi malamulo ake ofunika kuwasunga ngati mmene mumasungira muyezo wa kasitomala. Amamwedwa kamodzi pa sabata, tsiku limodzi lomwelo, osati tsiku lililonse. Anthu amwalirapo chifukwa chomwa tsiku ndi tsiku molakwitsa. Sankhani tsiku, lilembedwe pa paketi ndi m'kabuku. Amaperekedwa pamodzi ndi folic acid, womwa tsiku lina. Musanayambe ayenera kuyeza kuchuluka kwa magazi, chiwindi, impso, HIV ndi hepatitis B, kujambula pachifuwa ndi kufufuza TB. Mukayamba, magazi amayezedwa pafupipafupi miyezi yoyambirira, kenako pakatha miyezi 2 kapena 3 iliyonse. Mowa ndi wosayenera. Zilonda m'kamwa, kutentha thupi, chifuwa chouma ndi kubanika, kapena maso achikasu, imani kumwa mukaonedwe.

Lamulo lina ndi lofunika kwambiri kuno ku Malawi kuposa kwina. Methotrexate sayenderana ndi Bactrim. Awiriwa akakumana amatha kuimitsa m'mafupa mmene mumapangidwa magazi. Bactrim ndi amene anthu ambiri a ma ARV amamwa tsiku lililonse, ndiponso amaperekedwa kapena kugulidwa mwachisawawa pa chifuwa ndi kutsegula m'mimba. Fansidar nayenso ali m'gulu lomwelo. Kulikonse kumene mukalandire mankhwala, ngakhale a dzino, yambani ndi kunena kuti mumamwa methotrexate. Kukhala ndi HIV sikutseka njira ya chithandizo, koma kusankha mankhwala kumafuna kuti a ku kiliniki ya ma ARV ndi dokotala wa nyamakaziyo amvane.

Pa zaka 39 nkhani ya mimba siingalumphidwe. Methotrexate amaononga mwana m'mimba, choncho womumwa ayenera kukhala pa njira yolera yodalirika, ndipo woyamwitsa samwa. Ngati inu ndi bambo a kunyumba mukufunabe mwana, nenani poyamba pomwe. Alipo ena, hydroxychloroquine ndi sulfasalazine, amene amaloledwa ngakhale kwa woyembekezera, ndipo amagwiritsidwanso ntchito pophatikiza ndi methotrexate ngati yekha sakukwanira. Amayi ambiri a rheumatoid amapezako bwino ali ndi pakati, matenda n'kubwerera mwamphamvu akabereka, ndiye nthawi imeneyo imafuna kukonzekera.

Mankhwalawa sachita changu. Amatenga masabata 6 mpaka 12 kuti muyambe kumva kusintha, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya mtima n'kubwerera ku zogula okha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Podikirapo, m'mawa viikani manja m'madzi ofunda, muziwafumbata ndi kuwatambasula momwemo. Kudula nsalu zolimba kuikeni masana manja atamasuka, kulungani kansalu pa zogwirira za sizasi kuti zikule, ndipo ndowa muzinyamula ndi mikono iwiri, osati kuikoleka ku zala. Kusoka musasiye, mfundo yosagwiritsidwa ntchito imauma msanga, koma tsiku limene zatupa kwambiri zipumitseni.

Pa ulendo uliwonse wa kuchipatala, mfundo zotupa ndi zowawa ziziwerengedwa, nambala yake ilembedwe m'kabuku pamodzi ndi maola amene mumauma m'mawa. Pakatha miyezi 3 nambalazo zikhale zitatsika moonekeratu, ndipo pofika miyezi 6 cholinga ndi choti kutupa kuthe kapena kutsale kochepa kwambiri, prednisolone atachotsedwa. Zikapanda kutero, mlingo wa methotrexate umakwezedwa kapena amaonjezerapo ena, ndiye funsani za zimenezo m'malo mongolandira mapiritsi omwewo mwezi ndi mwezi. Mukadzapeza bwino mankhwala sasiyidwa, amachepetsedwa ndi dokotala ngati pali poyenera. Ndipo kukatsala masabata awiri kuti mapiritsi athe, yambani kufufuza kumene mukapeze ena, chifukwa kudukiza kwa mwezi umodzi kumatha kudzutsanso kutupa kumene munavutikira miyezi kuti kugone.